Mimba yaikulu si chuma, tiyeni tikayezetse shuga



Ndiloleni malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhuleko ndi anzanga a m'midzi, makamaka amene imvi zayamba kutuluka ngati ine, komanso ndi abusa, ansembe, mashehe ndi akuluampingo amene amatiyang'anira. Nkhani imene ikundisowetsa tulo ndi ya matenda a shuga, aja amagwira munthu atakula kale. Ine si dokotala ayi. Ndine mphunzitsi wopuma, ndidagwira choko zaka zoposa 30. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndidaona ndi maso angawa, zimene adandifotokozera a chipatala, ndi zimene ndakhala ndikuwerenga chiyambire pamene nkhaniyi idafika pakhomo panga.

Ndiyambe ndi mnzanga wina amene tidaphunzira limodzi ntchito ya uphunzitsi. Sindimutchula dzina polemekeza banja lake. Ameneyu adakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu ine ndisanakwezedwe, ndipo pasanapite zaka zambiri mimba idatuluka, khosi n'kusowa. Tonse tinkamusirira. Tikakumana pa msonkhano wa aphunzitsi tinkamusereula kuti, "Achimwene, udindo wakuyanjani, lambayo akuchita kulira." Iye ankangoseka uku akusisita mimba ija. Atapuma ntchito adayamba kudandaula ludzu losatha, kudzuka kasanu usiku kukataya madzi, ndi kutopa popanda chimene wagwira. Maso atayamba kuchita mdima, iye ankati ndi ukalamba.

Tsiku lina adapunthwa pa chitsa ku dimba n'kuvulala chala cha kuphazi. Sadamve kuwawa kwenikweni, choncho sadalabadire. Koma chilondacho chidakana kupola. Abale adayamba kuganizira munthu wina amene ankalimbana naye malire a munda, ati adamutchera mankhwala panjira. Idatha miyezi akuyenda mwa asing'anga, mbuzi ziwiri zidapita. Mmene ankafika ku chipatala chachikulu n'kuti phazi litada, ndipo madokotala adadula mwendo mmunsi mwa bondo. Kumeneko n'kumene adamva koyamba kuti ali ndi shuga, ndi kuti matendawo adakhala m'thupi mwake zaka zambiri. Sadakhalitse. Impso zidaleka kugwira ntchito, tidakamuika m'manda.

Pa maliro ake, ife otchedwa akuluakulu adatikhazika pa mipando pamthunzi, ndipo mwambo utatha adatipatsa nsima yoyera mbee ndi botolo la zoziziritsa kukhosi aliyense. Nditayang'ana mzere wathuwo, mafumu, aphunzitsi, akuluampingo, ndidaona kuti ambiri mimba zathu zidali ngati ya malemu uja. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Sabata yomweyo ndidalawirira ku chipatala ndisanadye kanthu. Namwino adandibaya pa chala, adaika kadontho ka magazi pa kamakina, ndipo adati, "Aphunzitsi, simunadwale ayi, koma mwaima pamalire." Adandifotokozera kuti munthu akayezedwa mmawa asanadye, kamakina n'kuonetsa 126 kapena kuposa, ndipo n'kubwerezanso tsiku lina, ndiye kuti ali ndi shuga. Pakati pa 110 ndi 125 ndi pamalire. Makina ena amawerenga mosiyana, pa amenewo malirewo ndi 6.1 mpaka 6.9, ndipo matenda amayambira pa 7.0. Nambala yanga idali pakati pamenepo, chonsecho sindinkamva kupweteka paliponse.

Tsono chimene ndikufuna kunena n'chimodzi. Zinthu zambiri zimene ife timati ndi ulemu ndi kupeza bwino, ndi zomwezo zikutikokera ku matendawa, ndipo tikhoza kuzisintha osataya ngakhale tambala.

Koma poyamba timvetsetse matendawo, chifukwa dzina lake limasokeretsa. Ambiri amati, "Ine shuga sindigula, ndingadwale bwanji?" Dziwani kuti chakudya chilichonse chokhutitsa, kaya nsima, mpunga, mbatata, chinangwa kapena buledi, chikagayika m'mimba chimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Shuga ameneyu ndiye nkhuni za thupi. Koma kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu momwe akagwire ntchito, pamafunika insulini, timadzi timene kapamba amapanga. Poti ndine mphunzitsi, ndifanizire ndi sukulu. Shuga ndi ana asukulu, minofu ndi makalasi, insulini ndi mphunzitsi wosunga makiyi. Maloko akachita dzimbiri, mphunzitsi uja amalimbana nawo koma zitseko sizitseguka msanga. Ana amangodzaza pabwalo, ena kuthyola mitengo, ena kuswa mawindo. Mafuta ochuluka m'mimba ndi minofu yongokhala ndiwo dzimbiri limenelo. Kapamba amayesetsa kupanga insulini wowonjezera mpaka amatopa, ndipo shuga wotsalira m'magazi uja amawononga pang'onopang'ono mitsempha ya maso, ya impso, ya mtima ndi ya mapazi. N'chifukwa chake mnzanga uja sadamve kuwawa atapunthwa: mitsempha ya kuphazi idali itafa kale.

Ulipo mtundu wina wa shuga umene umakonda kugwira ana ndi achinyamata, pamene kapamba amalekeratu kupanga insulini. Umenewo sabwera nawo chifukwa cha kadyedwe, ndipo wodwala amadalira jakisoni wa insulini moyo wake wonse, mankhwala amene Frederick Banting ndi Charles Best adawatulukira ku Toronto m'dziko la Canada mu 1921. Koma mwa anthu 100 alionse odwala shuga, oposa 90 ali ndi mtundu wa akuluakuluwu, ndipo umenewu ndiwo tingathe kuupewa kapena kuuchedwetsa.

Tisamanamizane kuti awa ndi matenda a azungu kapena a mabwana a m'tauni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena kuti mu 1990 anthu odwala shuga adalipo 200 miliyoni, koma pofika mu 2022 adakwana 830 miliyoni, ndipo akuchuluka msanga m'maiko osauka kuposa m'maiko olemera. Kuno kwathu, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti mwa anthu 100 a zaka za pakati pa 25 ndi 64, pafupifupi 6 adali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Choopsa n'chakuti muno mu Africa oposa theka la anthu amene ali ndi shuga sadziwa kuti ali naye. Akuyenda, akulima, akuimba kwaya, matenda akudya mkati ngati nankafumbwe m'nkhokwe.

Nanga amene ali pachiopsezo ndani? Zilipo zina zimene sitingazisinthe. Choyamba ndi zaka. Munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 45, chiopsezo chimakwera. Chachiwiri ndi kumtundu. Ngati bambo, mayi, mbale kapena mlongo wanu wa bere limodzi adadwalapo shuga, inunso muli pafupi. Apa mpamene ambiri timalakwitsa. Tikaona anthu atatu a banja limodzi akudwala zofanana, timati pali wina akuwalodza, pamene ndi magazi a kumtundu ndi mphika umodzi umene onsewo amadyamo. Chachitatu chikukhudza amayi. Mayi amene adapezeka ndi shuga ali woyembekezera, ngakhale adatha atachira, kapena amene adabereka mwana wolemera kuposa makilogalamu 4, ayenera kumayezetsa kawirikawiri, chifukwa matendawa amakonda kudzabwereranso patsogolo. Chachinayi, ana obadwa ochepa thupi kwambiri amakhalanso pachiopsezo akadzakula n'kuyamba kunenepa. Ndiponso wina asadzinamize kuti poti ndi woonda ndiye wapulumuka. Oonda nawonso amadwala shuga. Zinayi zimenezi sitingazichotse, koma zimatiuza kuti tikayezetse msanga, osadikira kudwala.

Tsopano ndifike pa zimene zili m'manja mwathu. Chachikulu ndi kunenepa, makamaka kwa pamimba. Kwathu kuno mwamuna akatuluka mimba timati zake zayera. Mayi akanenepa timati mwamuna wake akumusamala, akaonda timati banja lavuta. Koma mafuta a m'mimba ndiwo oipitsitsa, chifukwa amakuta chiwindi ndi ziwalo zina. Akatswiri amati lamba wa pamimba wa mwamuna asafike masentimita 94, ndipo wa mayi asafike 80. Amene mulibe tepi ya telala musadandaule. Tengani chingwe kapena luzi, muyeze msinkhu wanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, mudule. Kenaka chipindeni pakati, muzungulize pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake zikukumana, muli bwino. Ngati zikukana, mimbayo yaposa theka la msinkhu wanu, ndipo nthawi yochitapo kanthu yakwana. Ine nditayesa, padatsala mpata wolowa chikhatho chonse. Mayi a kunyumba adaseka mpaka misozi, koma atayesa iwonso kuseka kudatha.

Chachiwiri ndi kungokhala. Ife tidakula tikuyenda mitunda italiitali popita kusukulu. Amayi athu ankasinja pamtondo, kukatunga madzi kudambo ndi kusenza nkhuni. Sindikunena kuti tibwerere ku mavuto amenewo, chigayo ndi mjigo ndi zinthu zabwino. Koma taonani lero: munthu kupita pa sitolo pomwepa akukwera kabaza. Ena amati, "Ife alimi timagwira ntchito yokwanira." Zoona, nthawi ya dzinja khasu limatituluka thukuta. Nanga tikakolola? Kuyambira mwezi wa June mpaka October abambo ambiri timangoswera pa bawo, ndipo nthawi yomweyo ndi imene chakudya chimachuluka, ndalama za fodya ndi soya zili m'thumba, maukwati ndi zinamwali zili paliponse. Ndipo munthu ukangopatsidwa udindo, kaya uhedi, ufumu kapena ukulu wa mpingo, anthu amakulanda ntchito iliyonse. Ukagwira khasu, ana amathamanga kudzalilanda. Ukanyamula chikwama, wina amachilandira. Amachita izi mwaulemu, koma minofu imene sikugwira ntchito siyamwa shuga m'magazi.

Chachitatu ndi zotsekemera. Ndiloleni ndipereke samu, monga ndinkachitira ku Sitandade 5. Mu 2015 bungwe la WHO lidalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 a shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa pa tsiku, ndipo lidati akatsika kufika pa 6 ndiye bwino koposa. Tsono werengani. Tiyi wa mmawa, masupuni 4. Tiyi wa madzulo, enanso 4. Botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi lili ndi masupuni 7 kapena 8. Tafika kale pa 15 kapena 16, tisanawerenge mandasi, thobwa lothira shuga ndi phala la mmawa. Ndipotu masupuni athu sakhala osalaza, amakhala osefukira, ena amachita kugwiritsa supuni yaikulu yodyera. Shuga wa m'zakumwa amalowa m'magazi mwamsanga ndipo sakhutitsa, munthu amamwa n'kudyanso nsima yake yonse. Sindikudana ndi shuga ayi, abale athu ambiri amapeza zosowa zawo m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ndikungonena kuti ngakhale mchere ndi wabwino, koma sitithira chikho chonse mu mphika.

Chachinayi ndi mbale yathu ya nsima. Timanyoza mgaiwa kuti ndi chakudya cha akaidi ndi ana a sukulu zogonera komweko. Mlendo wolemekezeka timamuphikira ya ufa woyera, wokonola ndi kuviika. Koma pokonola timachotsa gaga, ndipo gaga ndi amene amachedwetsa chakudya kusanduka shuga. Chabwinocho timapatsa nkhumba ndi nkhuku, ife n'kutsala ndi choyera. Komabe mgaiwa pawokha si mankhwala. Ukadya mitanda isanu ya mgaiwa, shuga adzakwera ndithu. Vuto lathu n'lakuti nsima imakhala phiri, ndiwo n'kukhala kadontho kongonyowetsera mbamu. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ife timadya gulu limodzi, enawo n'kungonunkhiza. Chodabwitsa n'chakuti zakudya zotiteteza ndi zomwe timaziponda kuseri kwa nyumba: bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, kholowa, therere, pamodzi ndi nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi usipa. Timazitcha ndiwo za amphawi, ndipo tikapeza ndalama timathamangira chipisi, kanyenya wonona ndi buledi woyera.

Chachisanu ndi fodya ndi mowa. Madokotala adapeza kuti osuta fodya chiopsezo chawo chodwala shuga chimakwera ndi 30 mpaka 40 pa 100 kuposa osasuta, ndipo wosuta akadwala, mitsempha ya miyendo imatsekeka msanga. Mowa wambiri umanenepetsa ndiponso umawononga kapamba yemweyo amene tikumudalira. Kuthamanga kwa magazi nako kumayenda limodzi ndi shuga ngati mapasa. Amene adakuuzani kale ku chipatala kuti BP yanu ndi yokwera, pemphani kuti akuyezeninso shuga.

Mwina wina afunsa kuti, kodi kusintha zimenezi kumathandizadi, kapena ndi nkhambakamwa chabe za nkhalamba yopuma ntchito? Umboni ulipo. Ku America adachita kafukufuku pa anthu 3,234 amene adali pamalire ngati ine, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2002. Gulu lina adalipatsa mapiritsi a metformin. Gulu lina adalithandiza kuchepetsa thupi ndi makilogalamu 7 pa 100 alionse, ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Patatha zaka pafupifupi zitatu, a mapiritsi chiopsezo chawo chidatsika ndi 31 pa 100, koma oyenda ndi kusintha kadyedwe chidatsika ndi 58 pa 100. Kunena kwina, pamene pakadadwala anthu 100 padadwala 42 okha. Kwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo chidatsika ndi 71 pa 100, choncho anzanga okalamba tisamati nthawi idatha. Ku Finland nakonso kafukufuku wofanana naye adapeza 58 yemweyo mu 2001. Onani kuti sadawauze kuti aonde ngati bango. Munthu wa makilogalamu 80 akungofunika kutaya 5 kapena 6. Mphindi 150 pa sabata ndi theka la ola pa tsiku, masiku asanu.

Ine ndidachita zotere, ndipo palibe chimene ndidagula. Tiyi ndidayamba kuchepetsa supuni imodzi sabata iliyonse, mpaka pano ndimamwa wa supuni imodzi, ndipo wa masupuni 4 uja ndikamulawa amandikola. Zoziziritsa kukhosi ndidasiyira pa Khirisimasi ndi pa ukwati, ludzu ndimapha ndi madzi. Ku chigayo timagayitsa mgaiwa. Mbale yanga ndimaigawa motere: theka masamba, mbali ina nyemba kapena nsomba, ndipo nsima ndimadya yofanana ndi chibakera changa, kapena kuposerapo pang'ono tsiku limene ndalima kwambiri. Njala ikandipeza masana ndimadya mtedza wodzaza dzanja, gwafa kapena papaya, osati mandasi. Mmawa uliwonse ndimayenda ndawala kukafika ku mlatho ndi kubwerera, liwiro loti ndikhoza kulankhula koma sindingaimbe nyimbo. Chilimwe ndimathirira ndekha ku dimba ndi khasu ndi ndowa. Chaka chisanathe chingwe chija chidakumana, ndipo nditabwerera ku chipatala nambala ija idali itatsika pansi pa malire. Ndimapitabe kukayezetsa chaka ndi chaka, chifukwa chiopsezo sichitheratu.

Koma ndisabise, chovuta kwambiri sichidali njala kapena ulesi. Chidali pakamwa pa anthu. Nditayamba kuphwa mimba, manong'onong'o adayamba m'mudzi: "Ahedi aja ayamba kutha, kaya n'chiyani." Ife amene tidaona zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatenga anthu sabata iliyonse mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, tikudziwa kumene mantha amenewa adachokera. Kuonda kudasanduka chizindikiro cha imfa, kunenepa n'kukhala umboni woti munthu ali bwino. Maganizo amenewo adakhazikika mpaka lero, ndipo alipo ambiri, makamaka amayi, amene amaopa kuchepetsa thupi kuopa kunenedwa pa mjigo. Abale, miseche imeneyi imalakwira anthu awiri nthawi imodzi. Imanyoza mnzathu amene ali ndi kachilombo, amene akumwa mankhwala ake n'kumakhala moyo wathanzi, ndiponso imatsekereza amene akufuna kuthawa shuga. Ine ndidangoima pa msonkhano wa mudzi n'kunena ndekha chifukwa chimene ndikuondera. Mawa lake abambo atatu adabwera kwathu kudzabwereka chingwe.

Tsopano ndilankhule nanu abusa, ansembe, mashehe ndi akuluampingo, mwaulemu wonse. Inu ndinu oyamba kuvulala ndi ulemu wathuwu. Mukamayendera akhristu kapena Asilamu anu m'milaga ndi m'miphakati, khomo lililonse limakutulutsirani tiyi wotsekemera, botolo ndi nsima yoyera ya nkhuku. Makomo asanu pa tsiku ndi mabotolo asanu, masupuni a shuga oposa 35. Kukana simungathe, chifukwa mayi uja wagulitsa nkhuku yake kuti akulandireni. Ndiye njira yake ndi yoti munene nokha pagulu, tsiku la mapemphero, kuti madzi abwino akumwa, mtedza wokazinga kapena chipatso ndi ulemu wokwanira. Mukatero mupulumutsa thupi lanu ndi thumba la amphawi lomwe. Ife tikanena amati ndi umbombo, koma mukanena inu amva.

Ndikupemphaninso zinthu zitatu. Choyamba, anthu amene alangizi a zaumoyo amavutika kuwasonkhanitsa, inu mumakhala nawo sabata iliyonse. Bwanji osagwirizana ndi chipatala chapafupi, cha boma kapena cha mishoni, kuti kamodzi pa chaka adzayeze shuga ndi BP pabwalo la tchalitchi kapena la mzikiti? Tsiku la 14 November ndi lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse, mungathe kusankha sabata imeneyo. Amayi a mvano ndi a chigwirizano, amene amaphika pa misonkhano ndi pa maliro, akhoza kutsogolera kuika mgaiwa ndi masamba patsogolo pa alendo olemekezeka. Chachiwiri, pemphero ndi mankhwala sizidana. Munthu wa shuga akamwa mankhwala n'kuyamba kupeza bwino, sikuti matenda atha, angogona. Womuuza kuti ataye mapiritsi kapena jakisoni poonetsa chikhulupiriro akumukumbira manda. Chachitatu, pa nyengo ya kusala kudya, amene ali pa mankhwala a shuga ayambe afunsa ku chipatala, chifukwa mankhwala ena akamwedwa popanda chakudya shuga amatsika kwambiri mpaka munthu kukomoka.

Mafumu athu, mlandu wa ufiti ukabwera pabwalo chifukwa cha chilonda chosapola kapena munthu wofa ziwalo mwadzidzidzi, yambani mwafunsa ngati wodwalayo adayezetsa shuga ndi BP. Mukadatero kwa mnzanga uja, mwina mwendo wake ukadapulumuka, ndipo mabanja awiri aja sakadadana mpaka lero. Ku boma pempho langa n'lakuti timakina toyezera ndi timapepala take tizipezeka m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, osati pa boma pokha, ndi kuti mankhwala asamasowe. N'zokhumudwitsa kuti munthu alawirire ndi njala, ayende mtunda wautali, n'kukamva kuti zoyezera zatha.

Pomaliza, amene mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda mukudya bwino, kutopa, kusaona bwino, dzanzi kapena kutentha m'mapazi, zilonda zochedwa kupola, kapena mwaona nyerere zikuunjikana pamene mwataya madzi, musadikire mawa. Abambo amene mphamvu za m'nyumba zachepa, musathamangire mizu ya pamsika musanayezetse, chifukwa shuga amachitanso zimenezo. Ndipo amene mwapezeka nawo kale matendawa musataye mtima kapena kudziimba mlandu. Ena amadwala ngakhale adzisamale chotani. Imwani mankhwala mokhulupirika, yang'anani mapazi anu madzulo alionse, musayende opanda nsapato, ndipo mukhoza kukhala zaka zambiri mukulera adzukulu.

Koma amene simukumva kalikonse, inu ndi amene ndakulemberani kalatayi, chifukwa inenso sindinkamva kalikonse. Ngati mwapitirira zaka 45, kapena kwanu kuli wodwala shuga, kapena chingwe chija chakana kukumana, pitani mukabayitse chala. Safunsa adadya phula. Mnzanga uja tidamuyamikira mimba yake zaka 20, ndipo palibe mmodzi wa ife amene adamuuza kuti akayezetse. Ine ndidali mmodzi wa oseka nawo aja, n'chifukwa chake sindingakhalenso chete.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dowa.